Laputopu ikayamba kudwala: tikonze kapena tigule ina?

Mawu akuti "laputopu yafa" satenga nthawi kutuluka pakamwa. Ikazima yokha kawiri, yafa. Ikatenga mphindi 10 kuti iyake, yafa. Batire likasiya kusunga moto, yafa basi. Komatu laputopu si nkhuku ya chitopa yomwe imangogwa yonse nthawi imodzi. Ndi zipangizo zingapo zolumikizidwa pamodzi, ndipo nthawi zambiri chodwala chimakhala chimodzi, zinazo zili bwinobwino.

Pakhomo pambiri laputopu imakhala imodzi. Mwina ndi ya achimwene anu a ku koleji, mwina munapatsidwa ndi amalume atagula ina. M'menemo muli manotsi anu, mapepala a mayeso akale a MANEB, zithunzi za banja lonse. Ndalama yogulira ina si yamasewera. Ndiye musanauze makolo kuti "tigule ina", ndikufuna muphunzire kufunsa funso limodzi: chadwala n'chiyani kwenikweni? Chosangalatsa n'chakuti mayankho ake ambiri munawamva kale m'kalasi ya Physics ndi Chemistry.

Musanakhudze chilichonse

Laputopu ikangoyamba kuchita zachilendo, ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo anu. Ikani pa fulashi, ndipo ofunika kwambiriwo muikenso pa Google Drive, pomwe akaunti ya Google imapatsidwa malo aulere ofika mpaka 15 GB. Batire, sikirini, ngakhale laputopu yonse, zimagulika. Ntchito yomwe mwailemba kwa miyezi 3 sigulitsidwa pa shopu iliyonse. Mukatero, tiyeni tiyambe kuyeza wodwalayo chiwalo ndi chiwalo.

Ikutentha, fani ikulira, kenako n'kuzima

M'kati mwa laputopu muli purosesa, kachipangizo kowerengera, komwe mtima wake ndi waung'ono ngati chikhadabo. Purosesa ya laputopu wamba imadya mphamvu pafupifupi mawati 15, ndipo pafupifupi mphamvu yonseyo imasanduka kutentha. Mawati 15 si ambiri, koma akaunjikana pa kamalo kochepa chonchi amaotcha zedi. Kutenthako kuyenera kutulutsidwa kunja.

Njira yake ndi yochititsa chidwi. Pamwamba pa purosesa pamagona kachubu ka mkuwa kophwatalala. M'kachubuka anachotsamo mpweya n'kuikamo timadzi pang'ono. Mukukumbukira kuti mphamvu ya mpweya wopanikiza ikachepa, madzi amawira msanga? N'chifukwa chake pamwamba pa Sapitwa, pa phiri la Mulanje, mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, osati 100. M'kachubu muja kupanikiza n'kochepa koposa pamenepo, moti timadzito timawira purosesa ikangofunda. Nthunzi imathamangira mbali ina ya kachubu komwe kuli timalata topyapyala tambirimbiri. Fani imapemerera timalatato, nthunzi imazizira n'kukhalanso madzi, madziwo n'kubwerera ku purosesa. Conduction, evaporation, condensation ndi convection, zonse zikuchitika pansi pa zala zanu uku mukulemba.

Tsopano ganizirani fumbi la mwezi wa Seputembala ndi Okutobala. Fani imakoka mpweya pamodzi ndi fumbi, ubweya wa mabulangeti ndi tsitsi. Zonsezi zimakamatirira pa timalata tija mpaka kupanga kansalu kokhuthala. Mpweya sudutsanso. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndiye laputopu imayamba kukwawa. Kutentha kukapitirira, imazima mwadzidzidzi. Kuzimako si imfa ayi, ndi kudziteteza.

Mnzanga wina anandibweretsera laputopu yomwe anauzidwa kuti bolodi yake yapsa. Titatsegula chivundikiro chapansi tinapeza fumbi lotseka potulukira mpweya ponse, lokhuthala ngati thonje. Tinalichotsa ndi kaburashi kofewa, n'kupaka mafuta atsopano otchedwa thermal paste pakati pa purosesa ndi mkuwa uja. Mafutawa amatseka timipata tosaoneka ndi maso tomwe mumabisala mpweya, poti mpweya sudutsitsa bwino kutentha. Kuyambira tsikulo laputopuyo sinazimenso yokha.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani dzanja potulukira mpweya. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka pang'ono, njira yatsekeka. Ngati simukumva fani n'komwe pomwe laputopu yatentha, mwina fani yafa. Ndipo chonde, pabedi kapena pa pilo si malo a laputopu. Nsalu imatseka mabowo apansi pomwe imapumira.

Batire latha mphamvu kapena latupa

Batire la laputopu ndi la mtundu wa lithium-ion. Kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire otere mu 1991, ndipo mu 2019 asayansi atatu, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry chifukwa cha ntchito yawo pa mabatirewa.

Mukamatchaja, ma ion a lithium amasamuka kuchoka mbali imodzi ya batire n'kukabisala mu graphite, chinthu chomwecho chomwe chili m'kati mwa pensulo yanu. Mukamagwiritsa ntchito laputopu, amabwerera, ndipo ma electron amayenda kunja kudzera m'mawaya n'kuyendetsa makinawo. Vuto n'lakuti pa ulendo uliwonse, lithium wina pang'ono amakodwa m'kachikuto komwe kamapangika pamwamba pa graphite, osabwereranso. Pakatha maulendo mazana angapo, batire limakhala litachepa mphamvu moonekeratu. Si kuti wina waliwononga ayi. Ndi ukalamba. Kutentha kumafulumizitsa ukalambawu, monga momwe kumafulumizitsira ma reaction ambiri. Kukhalitsa pa 100 peresenti kapena kulisiya lifike pa 0 kawirikawiri nakonso kumalitopetsa. Malaputopu ambiri a Lenovo, Dell ndi Asus ali ndi poti mungasankhe kuti batire lizilekezera pa 80 peresenti kapena kutsikirapo.

Mukhoza kuliyeza nokha. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, n'kudina Enter. Kompyuta ikuuzani pomwe yasunga lipoti. M'lipotimo fufuzani manambala awiri: Design Capacity, mphamvu yomwe batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, yomwe likutha kusunga lero. Tiyerekeze kuti yoyamba ndi 45,000 mWh, yachiwiri 18,000 mWh. Gawani 18,000 ndi 45,000, mupeza 0.4. Batire lanu latsala ndi 40 peresenti ya mphamvu zake. Chofunika apa ndi batire lina, osati laputopu ina.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe sindifuna muchitenge mwachibwana. Mukaona kiyibodi ikutukumuka, kapena pomwe mumayendetsa chala paja pakukwera m'mwamba, ndiye kuti batire latupa. Mankhwala a m'kati akuwonongeka n'kumatulutsa mpweya. Batire lotere likhoza kuyaka moto. Zimitsani, chotsani tchaja, musalikanikize kapena kuliboola, ndipo pitani nayo kwa okonza.

Siikuyaka n'komwe

Apa ambiri amathamangira kunena kuti bolodi yapsa, pomwe wolakwa ndi tchaja. Tembenuzani tchaja yanu muwerenge zomwe zalembedwa. Magetsi a pakhoma kuno ndi a 230 V, a mtundu wa AC. Tchaja imawatsitsa n'kuwasandutsa DC. Mwachitsanzo, matchaja ambiri a HP amalembedwa 19.5 V ndi 3.33 A. Chulukitsani monga munaphunzirira, P = V × I, mupeza mawati 65.

Masamu amenewa ndi omwe angakutetezeni pobwereka kapena pogula tchaja ina. Ma volt akhale ofanana ndi a tchaja yoyambayo. Ma amp akhale ofanana kapena ochulukirapo, chifukwa laputopu imangotenga omwe ikufuna. Kungoti kamutu kalowa pabowo sikutanthauza kuti tchajayo ndi yoyenera. Onaninso waya pafupi ndi kamutu, poti pamenepo ndi pomwe umakonda kuduka m'kati chifukwa chopindapinda.

Magetsi akazima, zulani tchaja pakhoma. Akamabwerera nthawi zina amadumpha kwa kanthawi kochepa, ndipo kudumphako n'kokwanira kuotcha tchaja. N'chimodzimodzinso nthawi ya dzinja kukamachita ziphaliwali.

Nanga ngati magetsi a laputopu akuyaka, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii? Ilumikizeni ku TV ndi waya wa HDMI. Chithunzi chikaoneka pa TV, ubongo wa laputopu uli moyo. Vuto lili pa sikirini kapena pa kawaya kopyapyala komwe kamadutsa popindikira paja, komwe kamatha chifukwa cha kutsegula ndi kutseka.

Ikuchedwa ngati kamba

Ili ndiye dandaulo lomwe ndimalimva kwambiri, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi hard disk. Mu hard disk muli mbale yozungulira yopakidwa zinthu za maginito, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba. M'malaputopu ambiri mbaleyo imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, kutanthauza maulendo 90 pa sekondi imodzi. Kamutu kaja sikakhudza mbale. Kamayandama pa mpweya, pa mpata wosakwana ma nanomita 10, pomwe tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa ma nanomita pafupifupi 70,000. Mwaona chifukwa chake kugwetsa kapena kugwedeza laputopu ili yoyaka kumawononga disiki? Kamutu kakagunda mbale, kamakala pomwe pali mafayilo anu. Mukamva kaphokoso kakuti "tiki, tiki, tiki" m'kati, dziwani kuti disiki ikutsanzika. Koperani zanu tsiku lomwelo.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. Hard disk yoyamba inatulutsidwa ndi IBM mu 1956. Inali ndi mbale 50 zikuluzikulu ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, malo omwe lero nyimbo imodzi kapena ziwiri zingawadzaze.

M'malo mwake masiku ano muli SSD. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse. Imasunga zinthu potsekera ma electron m'tizipinda tating'onoting'ono, luso lotchedwa flash memory lomwe Fujio Masuoka anayambitsa ku kampani ya Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Fulashi yanu ndi foni yanu zimagwiritsa ntchito luso lomweli. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, SSD wamba pafupifupi 500 MB. Koma kusiyana kwenikweni kuli pofufuza timafayilo tambirimbiri tomwazikana, monga zimachitikira Windows ikamayaka. Kamkono ka hard disk kamayenera kuyenda uku ndi uku, n'kudikira kuti mbale izungulire. SSD imangofika pomwepo. Ine mutandifunsa chinthu chimodzi chomwe chimadzutsa laputopu yakale, ndinganene SSD mosakayika. Ya mtundu wa SATA ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo pomwe panali hard disk paja.

Wokayikiridwa wachiwiri ndi RAM. Disiki ili ngati layibulale ya pasukulu, RAM ndi desiki yanu. Buku lililonse lomwe mukuwerenga liyenera kukhala pa desiki. Desiki ikadzaza, mumayamba kubweza mabuku ena ku layibulale n'kumakawatenganso, ulendo ndi ulendo. Kompyuta nayo RAM ikadzaza imayamba kusungiza zinthu pa disiki, ndiye zonse zimachedwa.

Kuti mudziwe wolakwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pa Performance. Ngati Disk ikungokhala pa 100 peresenti, vuto ndi disiki. Ngati Memory yadzaza mutangotsegula masamba ochepa a intaneti, RAM yachepa. Masiku ano 4 GB ndi yothina, 8 GB imakwanira ntchito za sukulu. Musanagule onani mtundu wake, chifukwa DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana, kampata ka m'mano mwake kali malo osiyana. Malaputopu ena opyapyala RAM yake anaiwotcherera pa bolodi, ndipo singawonjezeredwe.

Mawu awiri kwa ofuna kutsegula okha

Pemphani kaye chilolezo kwa mwini wake. Zimitsani, chotsani tchaja, ndipo mukatsegula yambani kuzula kawaya ka batire. Musanagwire RAM kapena bolodi, khudzani chitsulo chachikulu monga felemu ya zenera. Magetsi a static, omwe aja amakuthethetsani povula juzi nthawi yozizira, ndi okwanira kuwononga tizipangizo ta m'kati. Jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse kuti musasokoneze masikuluwu.

Tiyi akatayikira pa kiyibodi, zimitsani nthawi yomweyo, musayese kuona ngati ikugwirabe ntchito. Madzi okhala ndi mchere wosungunuka amadutsitsa magetsi pomwe sayenera kudutsa, ndipo shuga amasiya zomatamata zomwe zimasunga chinyezi n'kudyetsa zitsulo. Zoika mu mpunga zija siyani, mpunga sungatsuke bolodi.

Ndiye tigule liti ina?

Si laputopu iliyonse yoyenera kupulumutsidwa. Ine ndimaona zinthu zitatu.

Choyamba, ngati bolodi yaikulu yawonongekadi. Purosesa ya malaputopu ambiri a masiku ano anaiwotcherera pa bolodipo, choncho kusintha bolodi kuli ngati kugula theka la laputopu.

Chachiwiri, ngati matenda achuluka. Lembani mitengo ya zonse zofunika: batire, sikirini, kiyibodi, SSD, ndi ya wokonza. Lamulo langa n'lakuti zikapitirira theka la mtengo wa laputopu ina yabwino yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwino kusunga ndalamazo.

Chachitatu, msinkhu. Mu 1965 Gordon Moore, yemwe pambuyo pake anakhala m'modzi mwa oyambitsa Intel, anaona kuti chiwerengero cha tizipangizo pa chip chimodzi chinkawirikiza kawiri chaka chilichonse, ndipo mu 1975 anasintha n'kunena kuti zaka ziwiri zilizonse. Purosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor 2,300. Ya Apple M1 ya mu 2020 ili nawo 16 biliyoni. Opanga mapulogalamu amalemba poganizira makina atsopano, ndiye akale amatsalira. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa dongosolo lowonjezera chitetezo. Laputopu ya Windows 10 imayakabe, koma mabowo atsopano omwe akuba a pa intaneti amapeza sakutsekedwanso. Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso kwa Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe.

Ngakhale apa khomo silinatsekeke. Laputopu yokanidwa ndi Windows 11 ikhoza kuyenda bwino ndi Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere ndipo zimalandirabe chitetezo. Kulemba, kuwerenga ma PDF, intaneti ndi kuphunzira Python, zonsezi zimatheka.

Pogula, musanyengedwe ndi sitika

Ambirife tidzagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma wogulitsa akati "iyi ndi i7 bwana", funsani kuti ya m'badwo uti. Yankho lili pa nambala yotsatira kamzere. Pa i7-6500U, 6 akutanthauza m'badwo wa 6. Pa i5-8250U ndi wa 8. Pa i5-1135G7 ndi wa 11. Tamverani izi: i7-6500U ili ndi ma core awiri, pomwe i5-8250U ili nawo anayi. Ndiye i5 ya m'badwo wa 8 ija imaiposa i7 ya m'badwo wa 6, ndipo Windows 11 imailandira pomwe inzakeyo imaikana. Musakhulupirire sitika. Lowani mu Settings, System, kenako About, muwerenge nokha.

Musalipire musanayese. Tulutsani lipoti la batire lija. Onani mu Task Manager ngati disiki ndi SSD. Tsegulani Notepad n'kudina batani lililonse. Lowetsani fulashi pa bowo lililonse la USB. Yesani Wi-Fi, kamera ndi masipika. Onetsetsani kuti BIOS ilibe pasiwedi ya mwini wake wakale. Seweretsani vidiyo kwa mphindi 20 mukumvetsera fani. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zonse zomwe mumafuna kudziwa. Ndipo tengani lisiti yolembedwa nambala ya laputopuyo, kuti musadzapezeke mwagula yakuba.

Yakaleyo ipite kuti?

Musaitaye kudzala, ndipo musaiotche. Lipoti la mabungwe a United Nations la Global E-waste Monitor linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomwe zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. M'makina akale mumapezeka mtovu, ndipo masikirini akale ena ali ndi mercury. Zikaotchedwa kapena kukwiriridwa, poizoniyu amalowa mu mpweya, m'dothi ndi m'madzi a m'zitsime.

Chotsanimo disiki, chifukwa muli zinsinsi zanu, ndipo kungofufuta fayilo sikuichotseratu. Disikiyo mukaiika m'kabokosi ka USB imasanduka posungira zinthu panja. Zotsalazo perekani kwa okonza makompyuta. Sikirini, fani ndi kiyibodi ya laputopu yanu zikhoza kudzutsa ya munthu wina.

Ntchito ya kunyumba

Sabata ino tengani laputopu iliyonse yomwe mungaloledwe kugwira, ya kunyumba kapena ya mnzanu, mulembe zinthu zinayi m'kope: m'badwo wa purosesa, kukula kwa RAM, mtundu wa disiki, ndi peresenti ya mphamvu yomwe batire latsala nayo. Sizitenga mphindi 15. Kenako yerekezani kuti mwapatsidwa ndalama yosinthira chinthu chimodzi chokha. Mungasinthe chiti, ndipo manambala anu akukupatsani chifukwa chanji?